Amene Anali M'kati mwa Hatchi

A Weston Kamtedza analera mwana wawo ndi lamba, ndipo sankachita nazo manyazi. Ankazinena okha pa msonkhano wa abambo a mpingo ku Woolwich, chifuwa chili patsogolo, kuti m'mera mpoyamba, kuti ana a mu London muno aonongeka chifukwa makolo awo amanjenjemera akangomva za a soshala, a boma oteteza ana. Lamulo la m'nyumba mwawo linali lalifupi. Benjamin akalakwa ankagwira mpando wa pa tebulo lodyera, bambo ake n'kumawerenga mokweza: wani, thuu, fili, mpaka teni. Mwana akalira, kapena kungoti "Dad" chiwerengero chisanathe, ankayambiranso pa wani. Benjamin anaphunzira msanga. Pofika zaka zisanu ndi zinayi ankalandira zikoti zonse khumi ali duu, ataluma mano, kenako n'kukalirira kubafa atatsegula mpopi kuti asamveke.

Tsiku limene anakwanitsa zaka 18 analongedza zovala m'chikwama cha masewera n'kutuluka osatsanzika. Amayi ake, a Vera, ankakumana naye mwakabisira ku masitolo a ku Lewisham, koma pakhomo pa bambo ake sanapondepo kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anaphunzira ntchito ya zamagetsi, anakwatira mtsikana wa ku Wales dzina lake Nerys, anabereka mwana wamkazi n'kumutcha Amanda. Ku ukwati a Kamtedza anaitanidwa, koma anayankha kuti mwana amene anatuluka osatsanzika ayambe wabwera kudzagogoda. Benjamin sanabwere kudzagogoda. Onse awiri anali nkhutukumve, magazi ake amodzi.

Koma ukalamba ulibe ulemu. Umayamba ndi mawondo, kenako umalowerera mpaka mumtima. A Kamtedza atafika zaka 73 anayamba kuba foni ya akazi awo, eni ake akakhala kukhitchini, n'kumayang'ana zithunzi za Amanda. Kamwanako kanatenga chipumi cha kwa Kamtedza, chotulukira kutsogolo ngati khonde, ndipo ankakayang'ana mpaka foni kuzima yokha. Chimene ankafuna asanafe chinali chimodzi basi: kuti Benjamin abwerere kwa iwo, awatchulenso kuti bambo, mdzukulu ali pamiyendo.

Tsiku lina a Vera anawapeza magalasi ali pamphuno, chala chili pa chithunzi.

"Mudzaibowola foniyo," anatero. "Nerys watiitana. Loweruka ku chapel kwa bambo ake kuli chikondwerero, akuti New Year yawo. Ben wavomera kuti mubwere."

"New Year pa fetini Januwale? Anthu amenewo amamwa chiyani?"

"Mwayambapo. Tamverani, bambo a Ben. Mwayi uwu ndaupempherera zaka twente-thuu. Mukakafika kumeneko pakamwa mukatseke, manja mukaike m'thumba. Mukakaononga, ine sindidzakupepeseraninso."

A Kamtedza analonjeza. Anatulutsa suti yakuda ya pa Mgonero, anapukuta nsapato, anapukutanso ndodo yawo. Ndodoyo anawapatsa ndi a mpingo bondo litayamba kuvuta: ya phingo, yolemera, mutu wake ngati chibonga. Kuchipatala anali atawapatsa ina yachitsulo yopepuka, koma anaikana, amvekere imeneyo ndi ya nkhalamba. Munthuyu anagwira ntchito yonyamula katundu m'mbali mwa mtsinje wa Thames zaka makumi atatu. Mawondo anatha, koma mapewa anali akadali a munthu wosenza matumba.

M'basi nambala 54 anakhala pawindo, milomo ikugwedera ngati akupemphera.

"Mukuyeserera chiyani?" anafunsa a Vera.

"Zoti ndikamuuze."

"Tanenani timve."

A Kamtedza anatsokomola, anayang'ana ngati pali Mmalawi pafupi. "Ndikati, Benjamin, mwina pena ndi pena ndinkapyola muyeso pang'ono."

"Pena ndi pena. Pang'ono." A Vera anapukusa mutu. "Liwu lake ndi limodzi, bambo. Ndinalakwa. Tayesani."

Anayesa. Mkulu wa mpingo amene ankatha kupemphera mphindi makumi awiri osapuma analephera liwu limodzi kuchokera ku Woolwich mpaka ku Blackheath. A Vera anawasiya, anati likatuluka lokha akamuona.

Anatsika ku Lewisham thuu koloko isanakwane, kunja kukuzizira kolowa m'mafupa. Tchalitchi cha Awelishi chinali chaching'ono, cha njerwa zofiira, chopanikizika pakati pa malo ogulitsa matayala ndi shopu ya nkhuku zokazinga. Akuti kale chinkadzaza ndi mabanja a ku Wales amene ankagulitsa mkaka mu London. Tsopano panatsala anthu ngati makumi atatu, ambiri aimvi. M'holo ya kuseri munali mipando yapulasitiki, tiyi m'chiketulo chachikulu, ndi timakeke ta mphesa zouma.

Nerys anawalandira pakhomo. Anali wamfupi, watsitsi lofiira, ndipo anapinda mawondo monga anamuphunzitsira a Vera.

"Muli bwanji, ababa," anatero, akuponda mawuwo mosamala ngati munthu wowoloka pa ulalo wa mtengo umodzi.

A Kamtedza anali atakonza nkhope ya mkulu wa mpingo, koma inawathawa. Kuseri kwa siketi ya Nerys kunasuzumira chipumi chija. Amanda anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa, anayang'ana ndodo, kenako anatambasula manja ngati anawadziwa kalekale. Anamunyamula. Anali wolemera kuposa mmene ankaganizira, ndipo ankanunkhira sopo ndi malalanje. Bambo wamkuluyo anayang'ana kudenga kuti misozi ibwerere kumene imachokera.

"Nanga Benjamin?" anafunsa a Kamtedza.

Nerys anayankha m'Chingerezi kuti watanganidwa pang'ono, amuona posachedwa. Anawakhazika mzere wa kutsogolo, Amanda ali pamiyendo pawo akusewera ndi tayi.

Bambo ake a Nerys, a Idris Pugh, nkhalamba yowonda ya mawu ngati belu, anaima kutsogolo n'kulongosola m'Chingerezi chifukwa cha alendo. Anati chaka chilichonse amasankha chaka chimodzi cha makedzana n'kuchisewera, kuti adzukulu obadwira mu London adziwe kumene anachokera. Ulendo uno anasankha 1752. M'chaka chimenecho boma la ku London linalamula kuti kalendala isinthe: anthu anagona pa 2 Sepitembala n'kudzuka pa 14. Masiku khumi ndi limodzi anangosowa. Koma anthu a m'zigwa zina za ku Wales anati boma lisinthe masiku ake, ife athu tisunga, ndipo mpaka lero amadya chaka chatsopano mochedwa.

Sewero linayamba. Wina anavala mkanjo wa wansembe n'kuwerenga lamulolo m'Chingerezi, chimene m'mudzimo munalibe wochimva, anthu n'kumangoyankha ameni. Mayi wina wa chipewa chakuda chachitali anayamba kulira kuti tsiku lake lobadwa labedwa, n'kuthamangitsa wansembeyo ndi tsache. A Kamtedza anadzimva akuseka.

"Ngakhale boma lathu lija silinafike pobera anthu masiku," ananong'oneza akazi awo.

"Pakamwa," anatero a Vera, koma nawonso mapewa akugwedera.

Kenako a Pugh anati anthu a nthawi imeneyo sanali oyera ngati nkhosa zawo. Pa chikondwerero cha mudzi ankamenyanitsa atambala, ndipo midzi iwiri ikakumana pa mpira wolimbirana, anthu ankabwerera kwawo ena mano atatsala m'munda. M'zaka zomwezo kunabuka alaliki oyendayenda, alimi ndi osoka nsapato, amene ankalalikira m'minda ndi m'makola, kunja kwa tchalitchi cha boma, akudzudzula zonsezi. Eni mudzi sankawakonda. Ankawalandira ndi miyala, ndowe ndi zibonga.

Bambo wina wonenepa anakwera pa bokosi n'kuyamba kufuula m'Chiwelishi, chala chili kumwamba. Anzake asanu anamuzungulira. Miyala inali ya mapepala opindapinda, zibonga za siponji, magazi a tomato sosi. Anamukokera pansi n'kumamupondaponda, iye akukuwa dzina la Yesu, limene munthu amalizindikira m'chilankhulo chilichonse. Holo yonse inkaseka chifukwa wigi ya mlalikiyo inali itagwa, dazi lili mbee.

A Kamtedza sanaseke.

Nkhani imene aliyense ku Woolwich ankaidziwa inali yakuti mchimwene wawo wa a Kamtedza, Walter, anaphedwa ndi anyamata a chipani ku Dowa mu 1973, iwo ali ku Lilongwe, ndipo atamva anathawira ku Zambia. A Vera, amene anakumana nawo ku Lusaka, ankadziwa yomweyo. Linali bodza. Sanali ku Lilongwe. Anali m'nkhokwe, pabwalo pomwepo, atadzikwirira m'chimanga, diso lili pa kampata ka nsungwi.

Walter anali mphunzitsi wa mpingo, ndipo mlandu wake unali wokana kudula mapemphero a Lamulungu kuti anthu apite ku msonkhano wa chipani. Anyamatawo anabwera masanasana, dzuwa lili paliwombo, koma sanabwere ndi nkhope zawo. Anabera gule maonekedwe. Anatenga chigaza cha ng'ombe, anachisomeka pa mtengo, anadzifunditsa matumba oyera a ufa osokedwa pamodzi. Eni dambwe enieni sakanavala zonyansa zotere, koma masiku amenewo akanadandaula ndani? Anaima pakhomo n'kumaimba kuti awatsegulire. M'nyumba Walter ankawayankha ndi nyimbo ya kutchalitchi. Chitseko chinali cha matabwa a mabokosi, sichinachedwe kugonja.

Anamukokera pabwalo, kamwana kake kakulira pakhomo. Anati amupatsa khumi zokha, akapirira amusiya. Ankamenya ndi mipini ya makasu, onse akuwerenga pamodzi ngati ana a sukulu. Pa folo Walter anafuula dzina la Yesu. Wamkulu wawo anati, "Walira. Tiyambirenso." Anayambiranso. Pa sikisi anafuulanso, nthiti zitathyoka. Anayambiranso. M'nkhokwe muja Weston, mnyamata wa zaka 22 wa mapewa ngati ng'ombe, ankadziluma dzanja n'kumapempha chamumtima: khalani chete achimwene, khalani chete afike pa teni. Walter sanadziwe kukhala chete. Pamene anadzakhala chete panalibenso chowerengera, ndipo anyamatawo anapukuta mipini paudzu n'kumapita.

Zaka makumi asanu a Kamtedza anasenza zinthu ziwiri: kuti munthu wolira amafa, ndi kuti iwo anali ndi manja koma sanatuluke. Choyambacho anachiphunzitsa mwana wawo ndi lamba, n'kumachitcha kulera. Chachiwiricho sanauze munthu, ndipo ngakhale Mulungu ankamuuza mozungulira.

Amanda anawakoka tayi. A Kamtedza anapeza malaya atanyowa ndi thukuta, dzanja litafinya ndodo mpaka kuwawa. Anthu ankaomba m'manja. Mlaliki uja anali atadzuka, akunyambita tomato sosi pachala.

"Mayi a Ben, Benjamin ali kuti? Ndimuone tizipita."

A Vera anamwetulira ngati mtsikana. "Zina akazi sitinena, bambo. Tinalangizidwa."

A Vera ankadziwa. Chomaliza pa chikondwererocho chinali hatchi imene Awelishi amaitcha Mari Lwyd: chigaza cha hatchi chenicheni, chosomeka pa mtengo, munthu n'kulowa pansi pa nsalu yoyera kumachiyendetsa. Amuna a pa tchalitchipo misana inali itatha, ndiye chaka chino anapempha mkamwini wa a Pugh. Benjamin anapangana ndi amayi ake kuti akavinavina adzafika pamaso pa bambo ake, adzavula nsaluyo n'kugwada. Hatchi imeneyi imagogoda kaye isanalowe, ndiye nkhani yogogoda ija ikanathera pomwepo popanda wina kugonja. A Vera akanatha kuwanong'oneza amuna awo. Koma anakulira ku Dedza, kumene mkazi sanena amene ali m'chilombo ngakhale atazindikira mapazi a mwamuna wake, ndipo zinawakomera kuti mwambo wa kwawo wapeza mnzake kuno kwa azungu. Za matumba a ufa sankazidziwa. Akanazidziwa bwanji, eni ake atazikhalira zaka makumi asanu?

A Pugh anavomera kuti palibe akudziwa ngati hatchiyi inaliko kale mu 1752, koma anati ndi yawo, ndipo kwa iwo chaka chatsopano sichilowa popanda iyo. Analamula kuti chitseko cha holo chitsekedwe.

Kunja kunamveka kugogoda. Kenako mawu a amuna akuimba, kupempha kuti awatsegulire. A m'kati anayankha ndi nyimbo yokana. A kunja anaimbanso mokweza, akumenya chitseko ndi zikhatho, a m'kati n'kukananso. A Kamtedza sankamva liwu ndi limodzi lomwe la Chiwelishi, koma kuimba uku ankakudziwa. M'mphuno munalowa fungo la chimanga chofumbwa.

"Musatsegule," anatero, koma mawuwo anamira m'nyimbo.

Anatsegula.

Chinalowa chowerama chifukwa cha kutalika. Chigaza chotuwa, mano aatali achikasu, m'maenje a maso mutaikidwa matako a mabotolo obiriwira. Maliboni ndi timabelu zinkalendewera m'mutu, nsalu yoyera ikukhwekhwereza pansi. Nsagwada zinkatseguka n'kuombana, kho, kho, fupa pa fupa. Chinathamangitsa amayi, iwo n'kumathawa akuseka. Chinaluma chipewa cha a Pugh, chinagwetsa mpando. Kenako chinatembenuka, chinaima pang'ono ngati chikufunafuna munthu, n'kulunjika mzere wa kutsogolo. Chinafika pamaso pa a Kamtedza, chinaweramitsa mutu mpaka mano aja kuyandikira chipumi cha Amanda. Nsagwada zinatseguka. Mwanayo anakuwa.

Ulendo uno a Kamtedza anatuluka m'nkhokwe.

Anaponya Amanda m'manja mwa a Vera, anaimirira bondo osalimva n'komwe, ndodo ataigwira kumunsi ndi manja awiri. Sanamenye chigaza. Mwana wa ku Dowa amadziwa pamene pali mutu weniweni wa chilombo: pansi pa nsalu, kumbuyo kwa mtengo. Pamenepo ndi pamene phingo anatera.

"Wani!"

Zinamveka ngati dzungu lagwa pa simenti. Hatchi inagwada, chigaza chinamenya pansi, mano awiri anathothoka n'kugubuduzikira pansi pa mipando. Anthu ena anaseka, poganiza kuti mlendo walowa nawo m'sewero.

"Thuu! Fili!"

Pamsana, paphewa. Pansi pa nsalu chinthucho chinadzipinda, mkono unakwera kuteteza mutu. Pa folo mkonowo unathyoka, ndipo holo yonse inamva. Kuseka kunathera pomwepo. A Vera ankakuwa, koma anali ndi mwana m'manja, mwanayo akukuwa kuposa iwo, timabelu tikulira, ndipo m'makutu mwa a Kamtedza munali nyimbo ya ku Dowa yokha. A Pugh anawagwira jekete. A Kamtedza anawakankha ndi chigongono, nkhalambayo n'kukagwera pa tebulo la tiyi, ketulo kukhuthuka, makapu kusweka. Nerys anawalumphira pamsana, akuwakanda kumaso, akufuula dzina limene iwo anadzalimva pambuyo pake. Anamusenza ngati thumba n'kupitiriza.

"Faifi! Sikisi! Seveni!"

Pa nsalu yoyera panaoneka banga lofiira. Linakula ngati mbale, kenako ngati lichero, ndipo uyu sanali tomato. Cha pansi pa nsalucho sichinalire. Sichinapemphe, sichinabuule n'komwe. A Kamtedza ankadikira kuti chilire ayambirenso, ayambirenso ngati mmene anyamata aja anachitira ndi Walter, koma chinangoti duu, chikulandira.

"Eyiti. Naini. Teni."

Mkono unaima wokha. Unazolowera kuima pamenepo.

Anaima akupuma ngati ng'ombe ya pangolo, magazi a zikhadabo za Nerys akutsika patsaya. Tisabise, kwa kanthawi kochepa anamva kukoma. Chifuwa chinapepuka koyamba chichokere ku Dowa. Anatembenuka kuti auze akazi awo kuti mwana wapulumuka.

A Vera anali atapereka Amanda kwa mayi wina, ndipo sanawayang'ane. Anagwada n'kuyamba kukoka nsalu ija pang'onopang'ono kuyambira kumapazi. Kunaoneka nsapato zopolishidwa, thalauza yakuda, malaya oyera ositidwa bwino, ovalira bambo ake. Kenako chipumi. Chipumi cha kwa Kamtedza, chitang'ambika kuyambira m'tsitsi mpaka pa nsidze. M'tsitsimo munali imvi. Mwana wawo anali ndi imvi, ndipo iwo anali asanazionepo.

Ndodo inagwa. Wina ankalankhula pa foni, akutchula ambulansi ndi apolisi. A Pugh anakhala pansi pakati pa makapu osweka, atagwira chiuno. Nerys anavula juzi n'kuipanikiza pabalapo, akulira m'Chiwelishi. A Kamtedza anagwada m'tiyi ndi m'magazi, suti ya pa Mgonero ndi yomwe.

"Benjamin. Mwana wanga. Ndinalakwa." Liwu lija linatuluka lokha, monga ananenera a Vera, koma panalibenso amene ankalifuna. "Sindimadziwa. Mulungu ndi mboni, sindimadziwa kuti ndiwe."

Diso limodzi linatseguka. Linawayang'ana nthawi yaitali. Munalibe mkwiyo, munalibe ngakhale kudabwa, ndipo zimenezo zinawawa kuposa kutukwanidwa.

"Bwanji sunalankhule? Liwu limodzi lokha. Ukanangoti Dad, ndikanasiya. Bwanji sunakuwe, mwana iwe?"

Benjamin anali asanayankhepo bambo ake m'Chichewa chiyambire sukulu. Koma milomo itagwedera, mawu anatuluka m'chilankhulo chimene lamba ankalankhula, otsakamira, osakanikirana ndi magazi.

"Mumawerenga, adadi," anatero. "Ndikanalira, mukanayambiranso."

Kunja sailini inkayandikira. A Kamtedza anatsegula pakamwa kuti anene za nkhokwe, za matumba a ufa, za Walter, zonse zimene akanayenera kunena zaka makumi asanu zapitazo. A Vera anadzutsa mutu n'kuwayang'ana koyamba, ndipo pakamwapo panatsekeka. Kumbuyo kwa holo Amanda anali atabisa nkhope m'khosi mwa mayi wachilendo.

Magazi ankatsikira m'diso lotsegukalo. A Kamtedza anatambasula dzanja kuti amupukute. Benjamin, bambo wa zaka makumi anayi, anatsinzina n'kuluma mano. Dzanjalo linatsala m'malere mpaka wapolisi anadzaligwira.